Kope Lachiwiri

Chaka chija mvula inayamba ndi ziphaliwali,
magetsi anathima masiku atatu ku Linga,
ndipo pobwera anabwera ngati mwini ngongole,
osagogoda.
Kompyuta ya kopaletivi yathu inangoti phu,
kafungo ka waya wopserera,
basi.

Munali maina mazana anayi ndi mphambu zake:
wa ku Mpamantha amene anapereka matumba khumi a kilombero,
wa ku Kasitu amene tinamukongoza mbewu,
mayi wa ku Sani amene anali asanalandire zake.
Mnyamata wokonza anatsegula chibokosicho,
nanunkhiza, napukusa mutu:
"Awa ndi maliro, bwana. Munasunga pena?"

Penapo panali m'mutu mwa Asiyatu.

Masabata asanu anakhala pampando uja wa mwendo waufupi,
wochirikizidwa ndi katoni yopinda,
akutola manambala m'malisiti odyedwa ndi mphemvu,
ena kuwakumba m'mutu ngati chinangwa cha m'chilimwe.
Chamasana chake, mandasi awiri ndi chakumwa chotsekemera,
nyenyeswa zikugwera pakati pa mabatani.
Madzi sankamwa: ati chimbudzi chili kutali
ndipo mzere wa alimi pakhomo sudikira.
Mutu ukawawa, panado.
Khosi likauma, panado.
Ife tinkangoyamikira: mayi uyu ndi chitsulo.

Chitsulocho chinagwa Lachitatu
pakati pa sikelo ndi kabati,
cholembera chili m'manja.
Kuchipatala namwino anamanga mkono, napopa,
nawerenga, nabwerezanso,
kenako anatiyang'ana ife operekeza
ngati ndife tinalemba nambalayo.
Mwina tinalembadi.

Tsopano Lachisanu lililonse, anzathu akabwerako kumzikiti,
ndimakhala pansi n'kukopera zonse.
Kope lina mu kafulashi kofiira kogona m'sefa,
lina mu kakuda kamene kamakwera nane njinga
mpaka kwathu kuseri kwa msika,
lachitatu ndimalitumiza kumitambo
netiweki ikadzuka ndi mtima wabwino.
Mwezi ukatha ndimatsegula limodzi kuona ngati likupuma,
poti nkhokwe yosasuzumiramo imaweta anankafumbwe.

Koma usiku wina, kafulashi kali m'thumba la malaya,
tulo tinandithawa.
Nanga kope la Asiyatu lili kuti?
Msana wake tinautsekera m'sefa iti?
Maso aja ofiira ndi kuwala kwa sikirini
tingawatsitse ku mtambo uti?
Twaibu wake, ndi kamng'ono kaja kosamva,
tikadawapatsa fulashi yanji?

Ndiye tinagula mpando.
Komiti inakangana maola awiri
ngati tikugula thirakitala.
Tinaika ndowa ya kampopi pakona, makapu asanu,
lililonse ndi dzina lolembedwa ndi penti wa zikhadabo.
Teni koloko ikakwana Che Mdoka, mlonda wathu,
amamenya chitsulo chakale cha matayala,
tonse n'kuimirira, ngakhale wapampando ndi mimba yake,
kudziwongola, kuzungulira mtengo wa mango kawiri,
alimi pamzere akutiseka.
Aseke.
Wazaumoyo amabwera ndi kamakina kake mwezi ndi mwezi;
ineyo, amene ndinkadziguguda kuti ndili bwinobwino,
anandilanda mchere wapambale.

Mawu achinsinsi a kompyuta,
kawerengedwe ka chiwongoladzanja,
kumene kumagona makiyi a kabati,
tsopano tikudziwa anthu atatu,
kuti wina akadwala adwale mwamtendere,
foni yake ili yozima.

Asiyatu anabwerera mu Meyi, mpunga ukucha m'madambo.
Amayenda mosathamanga, dzanja lamanzere limachedwa kumva.
Wachepetsa kuseka, koma madzi akumwa,
ndipo chimbudzi tinamanga chapafupi.
Faifi koloko ikakwana ndimapita pa desiki pake
kukazimitsa ndekha sikirini.
Amadandaula: "Katsala kamzere kamodzi kokha."
Ndimati: mizereyo tili nayo patatu,
mawa uipeza ikudikira.

Iweyo tili nawe kamodzi.